Funsani Akadaulo: nyambo zanthenga zoyambira nazo

FUNSO: Mlamu wanga wa ku Johannesburg wanditumizira ndodo yowedzera pogwiritsa ntchito nyambo zanthenga, koma kabokosi ka nyambo kabwera kopanda kanthu. Pa intaneti mitundu yake ndi yosawerengeka. Ndiyambe ndi ziti kuti ndigwire trout komanso nsomba zam'madamu akwathu kuno?
Wowerenga wa ku Santhe, Kasungu

YANKHO: Bambo, trout ku Kasungu kulibe. Nsombayi imafuna madzi ozizira, ndipo akapitirira madigiri 20 imayamba kufooka, choncho mu Bua ndi mu Dwangwa singakhalemo. Idabwera m'dziko muno mu 1906, ndipo malo ake ndi kumapiri: Zomba, Mulanje ndi madamu a Chelinda ku Nyika. Mukapita kumeneko yambani mwafunsa za chilolezo. Kwanu kuno ndodoyo idzagwira ntchito pa chilunguni ndi matemba akuluakulu. Makumba musawadalire kwambiri, chakudya chawo chenicheni ndi ndere.

Musagule nyambo zambiri. Mitundu inayi ikukwanirani, uliwonse zitatuzitatu, chifukwa zina zidzatsala m'bango. Dziwaninso kuti nambala ya mbedza ikamakwera, mbedzayo ikuchepa: 16 ndi kakang'ono, 8 ndi yaikulu.

Yoyamba ikhale Woolly Bugger yakuda pa nambala 10. Ili ndi mchira wa nthenga zofewa umene umavina m'madzi, ndipo nsomba imaiyesa msundu, kansomba kapena mwana wa tombolombo. Iponyeni m'mbali mwa udzu, werengani mpaka 5 kuti imire, kenaka kokani chingwe masentimita 10 kapena 15, imani, kokaninso. Nsomba zambiri zimaluma pamene mwaimapo. Mukaponya kasanu popanda kanthu, werengani mpaka 10. Ongoyamba kumene amathamangira kusintha mtundu wa nyambo pomwe vuto ndi lakuti ikudutsa pamwamba, nsomba zili pansi.

Yachiwiri ndi Pheasant Tail pa nambala 14 kapena 16, kanyambo kofiirira kofanana ndi tizilombo tapansi pa miyala. Sikaoneka kokopa m'bokosi, koma trout imadyera kwambiri pansi pa madzi, ndipo mumtsinje kamangofuna kukasiya kuti kayende ndi madzi osakakoka.

Zoyandama tengani ziwiri. Elk Hair Caddis, nyambo yaubweya yofanana ndi kachilombo kamapiko, ya nambala 14 njabwino pa trout madzulo, komanso pa damu mvula yoyamba ikagwa ngumbi n'kumagwera m'madzi. Inayo ndi kangaude wathovu wa miyendo yamphira, nambala 12. Ameneyu musagule n'komwe: dulani kachidutswa ka patapata wakale kotalika ngati njere ya nyemba, mangani pa mbedza ndi ulusi, pingasani timphira tiwiri, donthezani guluu pamfundo. Akagwa pamadzi musamugwedeze mpaka timafunde tithe. Pamenepo m'gwedezeni kamodzi, pang'ono chabe.

FUNSO: Nsomba zikumangojompha nyambo yanga koma osakodwa, ndipo yoyandama ikumamira ndikangogwira nsomba imodzi. Ndikulakwitsa pati?
Wowerenga wa ku Kamwendo, Mchinji

YANKHO: Kujompha kopanda kukodwa kawirikawiri kumatanthauza kuti nyambo yakulira kamwa la nsomba. Chilunguni ndi matemba ali ndi kamwa laling'ono, ndiye amagwira mchira kapena mwendo, mbedza osaifika. Chepetsani mbedza kuchoka pa nambala 10 kufika pa 14. Ngati ndi Woolly Bugger, fupikitsani mchira pothothola ndi zala kuti ufanane ndi kutalika kwa thupi. Lumo limasiya mchira wodulidwa ngati tsache, ndipo suvinanso bwino. Musatsomphole ndodo ngati mukuwedza mlamba. Ikwezeni pang'ono chingwe chikungike, basi.

Yang'ananinso ulusi wakumapeto umene mumamangirira nyambo. Gawani nambala ya mbedza ndi 3 kuti mupeze nambala ya X yosonyeza kunenepa kwa ulusi: mbedza ya 12 imafuna ulusi wa 4X, wonenepa pafupifupi mamilimita 0.18, pomwe ya 14 ndi 16 imafuna 5X, wa mamilimita 0.15. Wonenepa kwambiri umaumitsa kanyambo kuti kasayende ngati chamoyo, wowonda kwambiri umapotana ndi kuduka poponya nyambo yaikulu. Nyowetsani mfundo ndi malovu musanaikoke, apo ayi nayiloni imatentha n'kufooka pomwepo.

Kumira kwa yoyandama ndi chifukwa cha mamina a nsomba amene amamata nthenga. Itsukeni m'madzi, ifinyeni m'kansalu kouma, ipemerereni, kenaka ikupizeni m'malere kawiri kapena katatu. Mafuta oyandamitsa pakani ikadali youma, musanaiponye koyamba. Pa nthenga zonyowa amangotsekera madzi mkati.

Kamnga kakumbuyo kwa nsonga ya mbedza kaphwanyeni ndi pulayazi, ndipo muzivala chipewa ndi magalasi. Mphepo ya mwera ikamakuntha mu Julaye, nyambo imabwerera m'khutu kapena m'diso la woponya, ndipo mbedza yopanda kamnga imazuka mosang'amba khungu.