Kodi Burning Spear watha? Yankho kwa mbale amene wandilembera

Sabata yathayi ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa bambo wina amene akuti anayamba kumvera reggae nthawi ya makaseti. Funso lawo ndi lalifupi: amvera No Destroyer, chimbale chimene Burning Spear, woimba reggae wa ku Jamaica, anatulutsa mu 2023, koma sichikuwafika pamtima ngati chimbale chake cha mu 1975 chotchedwa Marcus Garvey. Ndiye akuti, kodi mkuluyu watha?

Achimwene, ndiyambe ndi kukuvomerezani. Chimbalechi sichingapose Marcus Garvey, ndipo amene angakuuzeni zina akukunyengani. Koma mawu akuti "watha" ndiwo ndikukana.

Taganizirani amene anali m'situdiyo mu 1975 muja. Winston Rodney, dzina lenileni la Burning Spear, anali ndi zaka 30 zokha. Pambali pake panali Rupert Willington ndi Delroy Hinds, amene ankavomera iye akatsogolera. Wokonza nyimbozo anali Jack Ruby wa ku Ocho Rios, ndipo zida zinali m'manja mwa gulu la Black Disciples: Robbie Shakespeare ndi Aston "Family Man" Barrett pa besi, Leroy "Horsemouth" Wallace pa ng'oma. Jack Ruby anamwalira mu 1989, Robbie mu 2021, Family Man mu 2024. Zimene makutu anu akusowazo, zambiri zinapita ndi anthu amenewa. Mwinanso, musandikwiyire, mukusowa unyamata wanu womwe.

Tsono No Destroyer anachitulutsa ndi munthu wa zaka 78, amene panali patapita zaka 15 asanatulutse chimbale chatsopano. Chomaliza chinali Jah Is Real cha mu 2008, chimene chinamupatsa mphoto yachiwiri ya Grammy. Yoyamba anaipeza ndi Calling Rastafari. Ambirife tinkati basi wapuma. Mawu ake akhuthala, sakukweranso pamwamba monga kale, izo n'zoona. Komatu Spear sanakhalepo woimba wodalira kukometsera mawu. Iye amagwira mzere umodzi n'kuubwereza, kuubwerezanso, ngati mkulu amene akulangiza mwana wosamva, mpaka malipenga ndi besi zikulowe m'mafupa. Kaimbidwe kotereka ukalamba sukawononga. Ine ndimaona ngati kamachita kumukhala bwino tsopano kusiyana ndi kale.

Ndikufunseni: munamvera pa chiyani? Ine ulendo woyamba ndinamvera pa foni ndikutsuka mbale, ndipo nditafika nyimbo yachitatu ndinazimitsa, n'kunena mumtima zomwe mwanena inuzi. Patapita masiku ndinalumikiza ku sipika yaikulu usiku, ana atagona. Besi itangoyamba, kapu imene inali patebulo inayamba kunjenjemera, supuni ikulira m'kati mwake. Ndinakhala pansi osadzukanso mpaka chimbale chonse chinatha. Kasipika ka foni kamameza besi yonse, ndipo reggae ya mtundu uwu ukaichotsa besi umatsala ndi nkhalamba ikuyankhula yokha.

Uthenga sunasinthe, ndipo ena amati ndiye vuto lakelo. Ine sindidabwa nazo. Munthuyu anabadwira ku St Ann's Bay, tauni yomweyo ya ku Jamaica imene Marcus Garvey, womenyera ufulu wa anthu akuda, anabadwira mu 1887, ndipo kuyambira 1969 pamene analowa ku situdiyo ya Studio One ya Coxsone Dodd, nkhani yake ndi yomweyo ya Africa, ukapolo ndi Rastafari. Mumafuna kuti pa msinkhu uwu ayambe kuimba za chiyani?

Chimbalechi chinalowa nawo pa mpikisano wa Grammy mu 2024, ngakhale mphotoyo inapita kwa Julian Marley ndi Antaeus. Izi sindiziwerengera kwambiri. Chimene chimandikhudza ndi cha woimba reggae wina, Toots Hibbert: anatulutsa Got to Be Tough kumapeto kwa Ogasiti 2020, ine n'kumati ndimvera mawa, ndimvera mawa. Pa 11 Seputembala tinamva kuti wamwalira ku Kingston.

Ndiye bwerekani sipika kwa mnzanu, muchimvere kawiri osadumpha nyimbo. Chikakanabe, ndilembereninso, tidzakangane bwinobwino.