Bwanji wayilesi zakale zinkadzuka dzuwa likalowa?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Dedza amene amawerenga tsamba lino. Akuti agogo awo ankakonda kunena kuti kale wayilesi inkagona masana n'kudzuka madzulo, ndipo nyimbo zimene zinkamvekamo eni ake ankaimba nthawi yomweyo, osati za m'mbale ayi. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona, ndiponso chimene chinkaletsa kuulutsa masana. Pomaliza afunsanso ngati mawu a nthawi imeneyo akadalipo penapake.

Agogo anu sanakunamizeni, bambo. Koma tiyambire ku England, chifukwa wayilesi imene inafika kwathu kuno makhalidwe ake ambiri inatengera kumeneko.

Pa 15 June 1920, nthawi itangopitirira 7 koloko madzulo, Nellie Melba, mayi wa ku Australia amene anali katswiri woimba, anaima pa maikolofoni pa fakitale ya kampani yopanga zida za wayilesi ya Marconi, m'tauni ya Chelmsford. Nyuzipepala ya Daily Mail inamulipira mapaundi 1,000, ndipo mawu ake anamveka mpaka kumayiko ena a ku Ulaya. Boma silinasangalale nazo. Chaka chisanathe, a Post Office, omwe ankayang'anira mafunde onse, analetsa zoimbaimbazo, ati zikusokoneza mauthenga a ndege ndi a asilikali. Kwa akuluakulu a nthawi imeneyo wayilesi chinali chida cha ntchito, ndipo kuimbirapo kunali kuseweretsa.

Anthu amatchula Melba kawirikawiri, koma kwa ine amene anayambitsa macheza a madzulo pa wayilesi ndi Peter Eckersley. Kuyambira pa 14 February 1922, iyeyu ndi anzake ankaulutsa Lachiwiri lililonse madzulo, kwa theka la ola lokha, ali m'kanyumba kamatabwa komwe kale kanali ka asilikali, m'mudzi wa Writtle. Wayilesi yawo inkatchedwa 2MT. Eckersley anali injiniya, sanali woimba kapena wazisudzo, koma akagwira maikolofoni ankaseka, kuimba mwadala mophonya, kutsanzira akatswiri a opera, kuika mbale pa galamafoni kenako n'kuyamba kuinyoza. Ankalankhula ngati akucheza ndi munthu mmodzi amene wangoweruka kuntchito. Makalata anayamba kufika mulumulu. Pamene BBC inayamba kuulutsa tsiku ndi tsiku pa 14 November 1922, kudzera pa wayilesi yotchedwa 2LO ku London, anthu anali atazolowera kale kuti wayilesi n'njamadzulo.

Tsono chifukwa chiyani madzulo? China n'chosachita kufunsa: masana anthu ali pantchito, ana ali kusukulu. Komanso kumvera kwake kunali kofuna kukhala pansi. Mabanja ambiri anali ndi kawayilesi kopanda batire, kokhala ndi kamwala konyezimira kamene munthu ankakakhudzakhudza ndi kawaya kopyapyala mpaka atapeza pamene mawu akumveka. Sipika panalibe, umayenera kuvala mahedifoni, ndipo wina akangogunda tebulo mawu aja ankathawa. Ena ankaika mahedifoniwo m'beseni kuti phokoso likuleko banja lonse limve. Munthu sakanamvera chinthu chotero akuchapa kapena akusesa. Amene anali ndi ndalama ankagula wayilesi yamavavu (timababu tagalasi tokuza mawu), koma nayonso batire lake linkafunika kupita nalo kugalaja kukatchajitsa, ndiye sankaliwononga pa zachabe.

Eni nyuzipepala nawo anaikapo mwendo. Poopa kuti anthu asiya kugula mapepala amadzulo, anakakamiza BBC kuti isamawerenge nkhani 7 koloko isanakwane, ndipo lamuloli linagwira ntchito kwa zaka zingapo. Poti nkhani n'zimene zinkasonkhanitsa banja, nyimbo ndi zisudzo zinangotsatira pambuyo pake.

Chifukwa chimene chimandisangalatsa kwambiri chili kumwamba. Mafunde a medium wave, amene wayilesi zoyambazo zinkagwiritsa ntchito, safika patali masana, chifukwa dzuwa limapanga mpweya wina m'mwamba umene umawameza. Dzuwa likalowa mpweyawo umazilala, mafunde aja amakagunda pamwamba penipeni n'kubwerera pansi kutali kwambiri. N'chifukwa chake munthu wa ku Manchester wokhala ndi yamavavu ankatha kugwira Paris kapena mizinda ya ku Germany usiku, pamene masana ankangomva phokoso. Inunso ngati munapotozapo wayilesi yakale usiku n'kumva ziyankhulo za kumayiko akutali zikubwera n'kumapita, n'zomwezo. Amene anatsimikiza zimenezi ndi wasayansi wina dzina lake Edward Appleton, mu December 1924. Anapempha makina a BBC a ku Bournemouth kuti awagwiritse ntchito usiku mapologalamu atatha, iye akuyeza ali ku Oxford, ndipo anapeza kuti mafundewo amabwerera pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pansi.

Za oimba zija n'zoonanso, ngakhale mbale zinkaikidwa apo ndi apo. Mbale ya nthawi imeneyo inkatha m'mphindi zitatu kapena zinayi mbali imodzi, ndipo chisanafike chaka cha 1925 ankajambula popanda magetsi, oimba akukuwira mu chilipenga chachikulu. Kuika mbale yotero pa galamafoni, maikolofoni n'kuyandikiza, zotuluka zake zinali zomvetsa chisoni. Kunali bwino kuitana munthu wa piyano ndi woimba abwere okha mu situdiyo, yomwe makoma ake ankawakuta ndi nsalu zochindikala mpaka oimba ankadandaula kuti sakudzimva okha. Eni nyumba za zisudzo poyamba analetsa anthu awo kukaimba pa wayilesi, poganiza kuti palibe adzagulenso tikiti. BBC inapeza njira ina: inakoka waya kuchokera ku Savoy Hill, komwe kunali masitudiyo ake, kukafika mu hotelo ya Savoy yomwe inali pafupi. Kuyambira mu October 1923 gulu la Savoy Orpheans linkamveka usiku likuimbira alendo a m'hoteloyo, ndipo mabanja amene sakanatha kulipira ngakhale tiyi wa mmenemo ankasuntha mipando n'kuvina m'nyumba zawo. Mtengo wake unali laisensi yokhalira ndi wayilesi, ya masheleni 10 pa chaka.

Lamlungu lokha nyimbo zovina kunalibe. John Reith, mkulu wa BBC, anali mwana wa m'busa wa mpingo wa Presbyterian ku Scotland, ndipo tsikuli ankalisunga monga mmene athu a CCAP akale ankachitira. Ine ndimaona kuti apa anaonjeza. Anthu sanatsutsane naye, anangopotoza wayilesi zawo n'kupita ku Radio Normandy, yomwe inayamba kuulutsa m'Chingerezi kuchokera ku France mu 1931, ndi Radio Luxembourg, yomwe inatsatira mu 1933.

Koma agogo anu sankanena za London, bambo. Ndikukhulupirira kuti ankanena za Lusaka. Kumeneko kuulutsa kunayamba mu 1941, nkhondo ili mkati, ndipo nkhondo itatha wayilesiyo inasanduka Central African Broadcasting Station, yotumikira anthu akuda a ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero), Southern Rhodesia (Zimbabwe) ndi Nyasaland (Malawi) m'ziyankhulo zawo, Chinyanja chili pomwepo. Vuto linali loti wayilesi zinali zodula. Harry Franklin, yemwe ankayang'anira zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, anayenda m'makampani ambiri mpaka a Ever Ready anavomera kupanga yotsika mtengo. Inafika mu 1949: yozungulira ngati poto, n'chifukwa chake ankaitcha Saucepan Special, yopakidwa utoto wabuluu, mabowo ake otsekedwa ndi sefa kuti tizilombo tisalowe. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake lalikulu masheleni 25. Batire limenelo mwini wake ankalisamala ngati mchere wa m'chaka cha njala, ndiye ankatsegula madzulo, anthu atabwera kumunda ndi kuntchito, mudzi wonse utadzaza pakhonde pake. Pologalamu ya Zimene Mwatifunsa inkawerenga makalata a anthu opempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale amene anapita kumigodi, ndipo Alick Nkhata, yemwe anali muulutsi komanso woimba, ankaimba ndi gitala mu situdiyo momwemo. Galimoto ya wayilesiyo inkapitanso m'midzi kukajambula nyimbo za makolo.

Za kumvera mawu akalewo, a ku England a m'ma 1920 pafupifupi onse anapita ndi mphepo, chifukwa BBC inapeza makina ojambulira pologalamu cha m'ma 1930, ndipo ankajambula pa lamba wachitsulo. Mbale zimene a Savoy Orpheans anajambula padera zilipo ndipo zimapezeka pa YouTube. Nyimbo za Alick Nkhata nazo zili pomwepo. Ngati mukufuna za kwathu za zaka zimenezo, fufuzani International Library of African Music ku Rhodes University ku South Africa, komwe amasunga zimene Hugh Tracey, katswiri wosonkhanitsa nyimbo za mu Africa, anajambula ku Nyasaland m'ma 1950, za bangwe, kalimba ndi magule a m'midzi.