Ndabereka kutali ndi kwathu, ndipo ndikulira tsiku ndi tsiku

Kalata iyi inalowa pa imelo yanga nthawi ili 3:40 m'bandakucha. Nthawiyo yokha inandiuza zambiri ndisanayambe n'kuwerenga komwe. Mwiniwake wandilola kuiika pano, dzina ndabisa, ndipo ndaifupikitsa:

"Tinasamuka ndili ndi pakati pa miyezi isanu, amuna anga atapeza ntchito kutali kwambiri ndi kwathu. Mwana tsopano ali ndi masabata 9. Amuna anga ndi munthu wabwino, nyumba ndi yabwino, mwana ali bwino. Koma ine ndikulira tsiku lililonse. Ndikuwasowa amayi anga mpaka pachifuwa pamachita kuwawa. Akaimba foni ndimangoti tili bwino. Kodi ndine wosayamika? Kodi zimenezi zidzatha, kapena ndingowauza amuna anga kuti ine ndikubwerera?"

Achemwali, ndiyambe ndi funso limene ndikuona kuti likukudyani kwambiri. Ayi, sindinu wosayamika. Kuyamikira mwana ndi kupukwa kwanu zimakhala mumtima umodzi bwinobwino, ndipo china sichithamangitsa chinzake.

Inenso mwana wanga woyamba ndinabereka kutali ndi kwathu. Tsiku limene silindichoka m'mutu ndi limene ndinamusambitsa ndekha koyamba, mchombo utangogwa kumene. Madzi ndinathira m'beseni, ndinawayesa ndi chigongono monga anandiuzira anamwino, mwana ndinamuvula, kenako ndinangoti njo, manja akunjenjemera. Khanda lonyowa limaterera, khosi silinalimbe, liwombo likungogunda pansi pa chala. Ndinamufundika thawulo n'kuimbira amayi, foni n'kuitsamiritsa pa kapu. Iwo osadabwa n'komwe, anangoyamba: "Dzanja lako lipite pansi pa khosi, zala zigwire kukhwapa. Yamba kumaso, usathire sopo. Usachite mantha, mwana amamva." Titamaliza anati, "Waona, watha." Foni itaduka ndinakhala pansi pomwepo n'kulira mwana ali pamiyendo. Ntchito ndinali nditaitha. Chimene chinandiliza n'chakuti panalibe wondilandira mwanayo kuti ndikataye madzi.

Zinanditengera nthawi kuti ndizindikire chimene ndinkasowa kwenikweni. Nthawi imene munthu wakhala mayi ndi nthawi yomweyo imene amafunitsitsa kukhala mwana wa munthu wina. Aliyense amene akuimba amafunsa za khanda: akuyamwa? akulemera? wafanana ndi ndani? Ndi mayi ako okha, kapena mkulu wako, amene amayamba ndi iwe: wadya? wagonako? bala likupola? Kumalo kwachilendo palibe amene anakudziwa usanakhale "mayi a mwana". Palibe amene akudziwa kuti unkaseka bwanji, unkakonda chiyani. N'chifukwa chake nyumba ikhoza kukhala yabwino, amuna ako n'kukhala abwino, iwe n'kumadzimva ngati wasowa.

Ndipo kupukwa si matenda a anthu ofooka. Mu 1688, Johannes Hofer, amene ankaphunzira za udokotala mumzinda wa Basel ku Switzerland, analemba za anthu a ku Switzerland omwe ankadwala chifukwa chokhala kutali ndi kwawo, kuphatikizapo asilikali omenya nkhondo m'mayiko ena. Ankasiya kudya, tulo osabwera, thupi kumangotha. Iye ndi amene anapeka dzina lakuti nostalgia, polumikiza mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza kubwerera kwanu, lina lotanthauza ululu. Ena mwa iwo anali amuna ogwira zida, opanda khanda pamabere, opanda bala la pobereka. Ndiye inu mukamati pachifuwa pakuwawa, ndikukukhulupirirani. Akuluakulu ananena kale kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Koma pa ululu umenewu pali mbali ina imene si kupukwa ayi, ndi kusowa manja. Khanda la masabata oyambirira limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, usana ndi usiku osasiyanitsa. Kulira kwake kumanka kukulirakulira mpaka pafupifupi sabata ya 6, kenako kumayamba kuchepa pofika miyezi itatu kapena inayi. Inu pa sabata ya 9 mwangotsika kumene paphiri lalitali kwambiri, ndipo mwalikwera muli awiri okha, mmodzi akupita kuntchito m'mawa uliwonse. Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, Sarah Blaffer Hrdy, anafotokoza m'buku lake la mu 2009, Mothers and Others, kuti mwana wa munthu amafuna chisamaliro chochuluka, kwa zaka zambiri, moti kuyambira kalekale mayi sankalera yekha: agogo, azakhali, abambo ndi ana okulirapo onse ankathandizapo. Ntchito ya anthu asanu mukuigwira nokha. Kutopa kwanu kuli ndi chifukwa.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna muwerenge mofatsa, chifukwa pamenepa sindikufuna kukunyengererani. Mayi akangobereka, nsengwa ikatuluka, mahomoni a estrogen ndi progesterone amene anali ochuluka nthawi ya pakati amatsika mwadzidzidzi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene amayi ambiri amalira popanda chowaliza kuyambira tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Koma kulira kwa mtundu umenewo kumatha kokha pasanadutse masabata awiri. Inu mwati mukulira tsiku lililonse, ndipo mwana ali ndi masabata 9. Sindingakupimeni kudzera pa imelo, koma zimenezi zikufunika kuti aziwone achipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa amayi 100 alionse amene angobereka kumene, pafupifupi 13 amadwala matenda a maganizo, makamaka ovutika maganizo, ndipo m'mayiko osauka chiwerengerocho chimafika pafupifupi 20. Kukhala wopanda abale pafupi ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika zimene zimawonjezera chiopsezo.

Dzifunseni moona mtima. Mwana akagona, inu tulo timabwera, kapena mumangoyang'ana kudenga? Chakudya chikukoma? Chilipo chimene chimakusekesaniko pa tsiku? Kodi mumadziona ngati mayi wolephera, ngati mwanayo akanakhala bwino ndi munthu wina? Munthu wongopukwa akamva mawu a kwawo mtima umapepukako, ngakhale kwa ola limodzi. Koma matenda ovutika maganizo amaphimba zonse ngati nkhungu, ngakhale zimene kale zinkakusangalatsani. Mukapita kusikelo ulendo uno, musangopimitsa mwana n'kubwerako. Uzani anamwino mawu omwewa mwandilembera ine. M'zipatala zambiri amagwiritsa ntchito mafunso 10 otchedwa Edinburgh Postnatal Depression Scale, amene anakonzedwa mu 1987, ndipo kuyankha kwake sikutenga mphindi zambiri. Thandizo lilipo: uphungu, magulu a amayi, ndiponso mankhwala amene dokotala angasankhe ngakhale mukuyamwitsa. Kudwala matendawa sikutanthauza kuti simukumukonda mwana wanu.

Ndipo ngati abwera maganizo ofuna kudzivulaza kapena kuvulaza mwana, ngati mwayamba kumva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuziona, kapena mwatha masiku osagona koma osamva kutopa, musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo musakhale nokha ndi mwana mpaka akuoneni. Matenda aakulu otere amagwira mayi mmodzi kapena awiri mwa 1,000 alionse, ndipo amachizika akafulumira nawo.

Za "tili bwino" uja. Ndikumvetsa chifukwa chake mumatero. Simukufuna kuwadandaulitsa amayi ali kutali, sangachitepo kanthu, ndipo mwina mukuopa kuti kwanu ayamba kuwaganizira zoipa amuna anu. Inenso ndinanama miyezi itatu yathunthu. Tsiku limene ndinaulula, amayi anangoti, "Ndimadziwa. Mawu ako ndimawadziwa. Ndimadikira kuti unene wekha." Ndinazindikira kuti bodza langalo silinkawateteza. Linkangowasiya akuda nkhawa paokha, ine ndikulira pandekha. Auzeni. Simukufunika kunena zonse tsiku limodzi. "Amayi, zikundivuta, ndakusowani" n'kokwanira kutsegula chitseko.

Kenako apatseni ntchito, chifukwa kholo limene lili kutali limavutika ndi manja opanda chogwira. Ife tinapangana nthawi imodzi tsiku lililonse, nthawi yosambitsa mwana. Foni ya vidiyo ndinkaisiya yotsegula, ine ndikugwira ntchito, iwo akugwira zawo, nthawi zina mphindi khumi kudutsa osalankhulana. Sikunali kucheza, kunali kukhala limodzi. Anandijambuliranso mawu awo akuimba nyimbo yogonetsa mwana imene ankandiimbira ine, ndipo usiku ndinkaiyatsa motsitsa. Kunena zoona, amene inkamutonthoza kwambiri sanali mwanayo. Musaope kuti foni imuwononga mwana: madokotala a ana a bungwe la American Academy of Pediatrics, m'malangizo awo a mu 2016, analangiza kuti ana osakwana miyezi 18 asamaonere za pa sikirini, koma anapatulapo kucheza ndi abale pa vidiyo.

Chenjezo limodzi lokha. Foni ikhoza kusanduka nyumba imene mukukhalamo, thupi lili kuno, moyo uli uko. Zithunzi za pa WhatsApp za abale atasonkhana, inu mulibepo, zimalasa kwambiri pakati pa usiku. Gulu la banjalo muzilitsegula masana.

Amuna anu mwati ndi munthu wabwino, choncho auzeni zonse, ndipo yambani n'kuwamasula: "Sindikukuimbani mlandu kuti tinasamuka. Ndikungofuna mudziwe mmene ndilili." Abambo ambiri akamva kuti mkazi akupukwa amamva ngati akuuzidwa kuti analakwitsa, n'kuyamba kudziteteza. Kumbukiraninso kuti iwo tsiku lililonse amakumana ndi anthu kuntchito, pamene inu tsiku limatha musanalankhule ndi munthu wamkulu. Mwina sakuziona. Pemphani zinthu zooneka ndi zowerengeka: atenge mwana akangoyamwa madzulo kuti inu mugone maola atatu kapena anayi osadukiza, akhale naye Loweruka m'mawa inu mutulukeko nokha. Tulo ta maola anayi osadukiza timasintha maonekedwe a dziko lonse.

Mbali yovuta, imene palibe angakuchitireni, ndiyo kupeza anthu kumene muliko. Pano ndikupemphani kudekha. Katswiri wina, Jeffrey Hall wa ku University of Kansas ku America, anafufuza nthawi imene ubwenzi umatenga, ndipo mu 2018 anapeza kuti pamafunika maola pafupifupi 50 ocheza kuti munthu wongodziwana naye akhale mnzako wamba, pafupifupi 90 kuti akhale mnzako weniweni, ndiponso oposa 200 kuti akhale wapamtima. Abale anu munakhala nawo zaka makumi. Mayi amene munakumana naye kusikelo sabata yatha sangafanane nawo, ndipo si chilungamo kumuyeza ndi muyeso umenewo. Chimene chimathandiza n'kubwerezabwereza: malo omwewo, tsiku lomwelo, nkhope zomwezo, kaya ndi kumene mumapemphera, kaya gulu la amayi oyamwitsa, kaya njira imene mumayendamo ndi mwana madzulo.

Kwa ine anali mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo. Kawiri konse anandifunsa ngati ndikufuna thandizo, kawiri konse ndinati zikomo, tili bwino. Kachitatu mwana anali atalira kuyambira masana, ine tsitsi lili nyankhalala, ndipo nditatsegula chitseko sindinathe kunena kanthu, ndinangomupereka. Anamuika paphewa n'kumayenda naye uku ndi uku pakhonde, akung'ung'udza nyimbo ya m'chilankhulo chimene sindinkachimva. Ndinasamba kwa nthawi yoyamba osatchera khutu kuchitseko. Sanalowe m'malo mwa amayi anga, ndipo sanayesere n'komwe. Koma mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo anthu odziwa zimenezi aliko kulikonse. Ambiri amangoopa kulowerera. Akadzakufunsani, vomerani ulendo woyamba.

Nanga kubwerera? Sindikuuzani kuti n'kulakwa. Alipo mabanja amene anabwerera ndipo anachita bwino. Koma nkhani yaikulu chotere musaigamule 3 koloko usiku, muli ndi tulo ta miyezi iwiri m'maso, musanaonane ndi achipatala. Pakati pa kupirira ndi kusamukiratu pali njira zina: inu ndi mwana kukakhala kwanu mwezi umodzi, kapena amayi kaya mng'ono wanu kubwera kudzakhala nanu. Khalani pansi ndi amuna anu, werengani ndalama, sankhani tsiku, lilembeni pa kalendala ngakhale litakhala la miyezi isanu ndi umodzi kutsogolo. Kupukwa kopanda tsiku ndi kumene kumafoola. Kukakhala ndi tsiku, munthu amayamba kuwerenga.

Mwafunsa ngati zidzatha. Kulira kwa tsiku ndi tsiku kudzatha, makamaka mukalandira thandizo. Kuwasowa amayi anu sikudzatheratu, ndipo sindikuganiza kuti mungafune kuti kutheretu. Kwa ine kumabwerabe pa nthawi zake: tsiku limene mwana anayamba kuyenda, ndinatembenuka kuti ndiitane amayi adzaone, m'nyumba muli ine ndekha. Nditapita kwathu koyamba mwana ali ndi miyezi 8, amayi anamulandira pakhomo asanandipatse n'komwe moni, ndipo iye anawayang'anitsitsa, n'kumwetulira atangomva mawu awo. Ankawadziwa. Anali atawamva madzulo aliwonse ali m'beseni.

Mawa m'mawa, achemwali, imbani mafoni awiri: ina kuchipatala, ina kwa amayi. Mukatero mundilemberenso, mundiuze zimene anamwino anena, ndiponso ngati mwagonako.