Kodi mlendo ndiye azigonja nthawi zonse?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti anaonera filimu ya My Big Fat Greek Wedding ndi bwenzi lake, lomwe ndi la mtundu wina ndi chipembedzo china. Iye anaseka mpaka misozi, koma mwamunayo anangoti duu, ndipo filimu itatha anafunsa kuti, "Ndiye kuti inenso ndidzasiye zonse za kwathu?" Mayiyu akufuna kudziwa ngati mnzakeyo akungokokomeza kapena filimuyo ilidi ndi vuto.

Mayi, mnzanuyo sakukokomeza ayi. Anaonera filimuyo atavala nsapato za Ian Miller, mkwati wa m'filimuyo yemwe si Mgiriki, pamene inu munali kumbali ya Toula, mkwatibwi wake.

Filimuyi inatuluka mu 2002, ndipo anailemba ndi Nia Vardalos, yemwenso anasewera ngati Toula, mwana wa banja lachigiriki la ku Chicago, wa zaka 30 koma wosakwatiwa. Inapangidwa ndi ndalama pafupifupi madola 5 miliyoni koma inabweretsa oposa 360 miliyoni padziko lonse. Anthu anaikonda chifukwa aliyense anaonamo abale ake: a Gus, bambo a Toula, okhulupirira kuti Windex, mankhwala otsukira magalasi, amachiza nthenda iliyonse, azakhali olowerera chilichonse, azisuweni osawerengeka.

Tsopano tawerengani amene akulipira mtengo wa ukwatiwu. Ian akubatizidwa mu mpingo wa Greek Orthodox kuti ukwati utheke. Sadya nyama, koma azakhali a Toula atamva zimenezi akungoti palibe vuto, amuphikira ya nkhosa. Makolo ake, anthu ofatsa a mwana mmodzi, akubwera ndi keke yoboola pakati, ndipo mayi a Toula akuikapo maluwa pabowopo poganiza kuti akonza cholakwika. Kumapeto a Gus akuwapatsa nyumba ngati mphatso, koma nyumbayo ili khomo ndi khomo ndi yawo. Timaseka, inde, ndipo ine ndimasekabe. Koma palibe pamene Ian akufunsidwa ngati zikumupweteka. Olemba anamupanga munthu wopanda chotaya, kuti nkhani isalemere.

Chifukwa chake n'chakuti filimuyi kwenikweni si ya Toula ndi Ian. Ndi ya Toula ndi bambo ake. Mkangano weniweni ndi wakuti mwana wamkazi angapite kukaphunzira kompyuta, kusiya lesitilanti ya banja ndi kusankha yekha mwamuna popanda kutaya makolo. Ian wangokhala pothawirapo nkhani.

Ngati mukufuna filimu yosabisa mtengowo, onerani limodzi The Big Sick ya mu 2017. Anailemba Kumail Nanjiani ndi mkazi wake Emily V. Gordon kuchokera pa zimene zinawachitikira, ndipo inasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Oscar m'gawo la kalembedwe. Nayonso imachitikira ku Chicago. Kumail ndi wochokera ku Pakistan, ndipo nthawi iliyonse akapita kukadya kwa makolo, belu limalira, kulowa mtsikana wachipakisitani amene amayi ake akuti "amangodutsa", pamene cholinga chawo n'chakuti Kumail amukwatire. Zithunzi za atsikanawo amaziunjika m'kabokosi, ndipo za Emily, chibwenzi chake chachizungu, kwa makolo ake satchula n'komwe. Emily atapeza kabokosiko chibwenzi chikutha. Kenako akudwala kwambiri, madokotala akumugoneka chikomokere, ndipo Kumail akupezeka ali pachipatala ndi makolo a mtsikana amene anamukhumudwitsa.

Chimene ndimaikondera n'chakuti makolo a Kumail sanawasandutse zidole zoseketsa. Ali ndi zifukwa zawo, anasiya dziko lawo ndipo akuopa kutayanso mwana. Atawauza zoona za Emily akumukana kuti si mwana wawonso. Iye akubwererabe kunyumba, kukakhala patebulo n'kunena kuti m'banjamo sachokamo. Pamene akusamukira ku New York, bambo ake akumubweretsera chakudya chimene amayi aphika, koma amayiwo akhala m'galimoto osamulankhula. Chilonda sichinapole, filimu n'kutha choncho.

Funso la mnzanuyo musaliyankhe ndi filimu ina yokha. Akufuna kumva kwa inu zimene abale anu adzamupemphe, ndi zimene inu mudzakane m'malo mwake abalewo asanamufikire. Toula sanachite zimenezo, ndipo Kumail anachedwa nazo.

Chenjezo lokha: The Big Sick ili ndi mawu otukwana ndithu, ndipo gawo lalikulu limachitikira m'chipatala, choncho musaiike tsiku limene apongozi abwera kudzacheza.