Tibowa ta m'mizu: chifukwa chake munda umafuna mbewu zamitundumitundu

Mlimi wina wafunsa kuti n'chifukwa chiyani chimanga chake cha kudimba chimapinimbira ndi kufiirira m'mphepete mwa masamba pamalo pomwe adakololapo mpiru ndi kabichi, pamene pomwe padali nyemba chimakula bwino, chonsecho feteleza amathira mofanana.

Bambo, nyemba zimawonjezeradi nayitirojeni m'nthaka, koma kufiirira kumeneko nthawi zambiri kumasonyeza kuti chimanga chikuperewera fosifolasi, chimodzi mwa zakudya zomwe mbewu zimatenga m'nthaka, ndipo apa mpamene pali nkhani ya tibowa tosaoneka ndi maso tomwe akatswiri amatitcha mycorrhiza. Tibowati timalowa m'mizu n'kutambasula timaulusi tawo m'nthaka mpaka kumene muzu sungafike, n'kumatengako fosifolasi ndi zinki kupatsira mbewu, nayonso mbewuyo n'kumatigawira chakudya chomwe imapanga m'masamba. Popanda muzu wamoyo wotisunga sitingakule kapena kuchulukana.

Vuto la dimba lanu ndi lakuti mpiru, kabichi, repu ndi tchayinizi ndi mbewu za banja limodzi lomwe silisunga tibowati, choncho mukazibwereza pamalo amodzi timachepa, ndipo chimanga chobwera pambuyo pake chimapeza nthaka yopanda othandiza. Chimanga, mapira, chinangwa, anyezi, nyemba, mtedza, soya, khobwe ndi nandolo zonse zimatisunga, ndipo popeza mitundu ya tibowati ndi yambiri, mtundu uliwonse uli ndi mbewu zomwe umakula nazo bwino kuposa zina. Munda wa mbewu zosakaniza kawirikawiri umasunga mitundu yochuluka kuposa munda wa chimanga chokhachokha chaka ndi chaka. Ine ndimalimbikitsa kwambiri nandolo, chifukwa amakhalabe wobiriwira m'chilimwe chimanga chitakololedwa kale, motero tibowa timakhala ndi podyera kwa miyezi ina ingapo.

Mukakolola mpiru, bzalanipo kaye nyemba kapena anyezi musanabwezerepo chimanga.

Amayi ena afunsanso ngati kugalauza nthaka kumawononga tibowati. Inde, mayi, khasu limadula timaulusi tija, n'chifukwa chake ulimi wa mtayakhasu ndi kuphimbira mapesi umatiteteza. Ngakhale bowa wambiri amene mumazula nthawi yadzinja pansi pa mitengo ya masuku ndi mombo amadalira mizu ya mitengoyo, ngakhale kuti ndi wa gulu lina, ndipo mitengoyo ikadulidwa bowayo amasowa pamalopo.