Mafunso a Owerenga: Pulogalamu Yanga Ikuchedwa, Kodi Kusunga Mayankho Kungathandize?

Funso: Ndikuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta pogwiritsa ntchito chilankhulo cha Python. Ndinalemba function (kachigawo ka pulogalamu kolandira zinthu n'kubweza yankho) yopezera manambala a Fibonacci, ndipo imayankha msanga ndikaipatsa nambala yaing'ono, koma ndikaipatsa 40 kompyuta imakhala ngati yaima. Mnzanga wandiuza kuti ndiyese memoization. Kodi njirayi imagwira ntchito bwanji, nanga ndingaigwiritse ntchito pa function ina iliyonse?

Yankho: Mnzanuyo wakulangizani bwino, koma pa funso lanu lachiwirilo yankho ndi lakuti ayi.

Tiyambe ndi chimene chikuchedwetsa pulogalamu yanu. Pa mndandanda wa Fibonacci, nambala iliyonse imapezeka pophatikiza ziwiri zimene zili kumbuyo kwake, choncho function yanu imadziitana yokha kawiri nthawi iliyonse. Tinene kuti dzina la function yanu ndi fib: kuti ipeze fib(5), yankho lake ikapatsidwa 5, imafuna fib(4) ndi fib(3), koma fib(4) nayonso imafuna fib(3), moti fib(3) imawerengedwa kawiri ndipo fib(2) katatu. Pa manambala aang'ono kubwereza kumeneku sikuoneka, koma pofika pa 40 function imaitanidwa maulendo 331,160,281, chonsecho mafunso osiyana amene ikuyankha ndi 41 okha, kuyambira 0 mpaka 40. Kompyuta yanu ilibe vuto. Ikungobwereza ntchito imene inaimaliza kale.

Njira ya memoization, imene Donald Michie anaifotokoza mu 1968, imathetsa kubwerezaku. Function ikawerenga yankho koyamba, imalisunga m'tebulo pamodzi ndi nambala imene inapatsidwa, ndipo ikafunsidwanso za nambala yomweyo, imayamba yayang'ana m'tebulomo n'kubweza yankho losungidwalo osawerenganso. Mu Python mungathe kupanga tebuloli nokha ndi dictionary (chosungira chimene chimalumikiza chinthu chilichonse ndi yankho lake), ndipo ndikukulimbikitsani kutero kamodzi kuti muone mmene zimayendera. Mukatero, gwiritsani ntchito chida chopangidwa kale: lembani `from functools import lru_cache` kumayambiriro, kenako ikani `@lru_cache` pamwamba pa function yanu, ndipo fib(40) idzakupatsani 102,334,155 nthawi yomweyo.

Chofunika kusamala nacho kwambiri ndi mtundu wa function. Njirayi imayenera function yokhayo imene imabweza yankho lomwelo nthawi zonse ikapatsidwa zinthu zomwezo, komanso imene sichita ntchito ina yapambali. Function yoona nthawi, yosankha nambala mwachisawawa, kapena yowerenga zinthu zimene zimasintha mu database (nkhokwe ya zinthu zosungidwa pakompyuta), ikasunga mayankho idzakupatsani za kale ngati kuti ndi za lero. Cholakwika choterechi ndi choipa kuposa kuchedwa, chifukwa pulogalamu siidandaula, imangopitiriza kugwira ntchito ndi yankho lotha ntchito. Chimodzimodzinso function yotumiza uthenga kapena yolemba mu fayilo: ikaitanidwa kachiwiri idzangobweza yankho losungidwa, uthengawo osapita.

Palinso nkhani ya malo. Yankho lililonse losungidwa limadya memory (malo amene kompyuta imasungamo zinthu pogwira ntchito), n'chifukwa chake `lru_cache` imasunga mayankho 128 okha ngati simunaiuze nambala ina, ndipo tebulo likadzaza imataya yankho limene lakhala nthawi yaitali osafunsidwa. Kuyambira mu Python 3.9 muli `@cache`, imene ilibe malire, koma pa pulogalamu yogwira ntchito usana ndi usiku tebulo lopanda malire lingathe kukula mpaka kutha memory. Dziwaninso kuti zida ziwirizi zimakana list (mndandanda wotha kusinthidwa), choncho muyenera kuisandutsa tuple (mndandanda wosasinthika) musanaipereke ku function.

Kwa ine, kuika `@lru_cache` paliponse mongoganizira si nzeru, popeza pamene mafunso sabwerezedwa, kuyang'ana m'tebulo kumangowonjezera ntchito. Mukayendetsa pulogalamu, lembani `fib.cache_info()` kuti muone maulendo amene yankho linapezeka m'tebulo ndi amene linasowa. Ngati osowa ndiwo ochuluka kwambiri, chichotseni chidacho, mukafufuze kuchedwako kwina.