Mwana wotsegula m'mimba wafika pakhomo la mkombaphala: abwezedwe kapena alandiridwe?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuyendetsa sukulu ya mkombaphala mu holo ya tchalitchi chakufupi ndi Lunzu. Dzina lawo ndalisunga. Ali ndi ana 43, alezi awiri ndi mayi mmodzi wophika phala. Alemba motere:

"Dzinja lathali matenda otsegula m'mimba anatizungulira. Anayamba ndi mwana mmodzi, sabata isanathe ana 9 anali atagona, kenaka mlezi wanga mmodzi. Makolo amabweretsa ana odwala chifukwa akuthamangira kumsika kapena kuganyu. Ndikabweza mwana amandikwiyira, ena amamusamutsa. Komiti yasonkha kandalama pang'ono, ena akuti tigule zidole, ena akuti timange mpanda. Ndiyambire pati kuti ana ndi alezi anga asamadwale?"

Mayi, zikomo polemba. Mpanda ndi wabwino, zidole ndi zabwino, koma kandalamako kayambe kagwira ntchito pa kanjira kochoka kuchimbudzi kukafika pamphika wa phala. Zimene zinagoneka ana anu 9 aja sizinalowere pageti. Zinayenda m'manja, m'kapu yomwera madzi, mwina m'beseni losambira m'manja ana asanadye.

Mawa mukhale pampando theka la ola osalankhula, muzingoyang'ana manja a mlezi mmodzi. Mwana wabiba, mlezi wamupukuta. Wina akulira, wamunyamula n'kumupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje. Phala lapsa, wayamba kugawa makapu, chala chachikulu chili m'kati mwa kapu. Mleziyo si wauve ayi, ndi munthu amene ali ndi ana 20 ndi manja awiri okha, ndipo madzi ali kutali. Ine ndinagwirako ntchito ya ulezi zaka zingapo, ndipo zimenezi ndinazichita ndi manja angawa. Chaka china tinadwazika ana ambiri motsatizana, tinkaloza chala chitsime cha m'mudzi, pamene vuto linali beseni limodzi limene ana onse ankasambamo m'manja. Woyamba ankapeza madzi oyera, womaliza ankasamba litsiro la anzake onse. Mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira.

Choncho beseni lija lichoke. Madzi osamba m'manja azithiridwa kuchokera pamwamba n'kutayikira pansi. Ndowa ya mpopi ndi yabwino ngati mungakwanitse. Ngati simungathe, mpondagiya amagwira ntchito yomweyo: kachigubu, timitengo, chingwe, basi, ndipo bambo aliyense wa m'komiti angaupange masana amodzi. Pakhale awiri, wina pakhomo penipeni pa chimbudzi, wina pamene ana amadyera, ndipo akhale ofupika msinkhu wa mwana wa zaka 3. Sopo mumubowole n'kumumangirira pachingwe kuti asasowe kapena kudyedwa ndi mbuzi. Sopo akatha, phulusa loyera limathandizako, koma lisakhale chizolowezi. Sopo alembedwe pa bajeti ya mwezi uliwonse mofanana ndi shuga wa m'phala.

Kenaka gawani manja. Mayi wophika phala asapukute mwana, asagwire thewera, asatsuke poti, ngakhale ntchito itapanikiza chotani. Mlezi amene wasintha mwana asambe ndi sopo asanagwire china chilichonse. Anthu ambiri kwathu kuno timakhulupirira kuti chimbudzi cha mwana n'chosaopsa, n'chifukwa chake chimatayidwa kuseri kwa nyumba kapena kungokwiriridwa ndi phazi. Chimbudzi cha mwana wotsegula m'mimba chimakhala ndi tizilombo tochuluka kwambiri. Chipite m'dzenje la chimbudzi nthawi yomweyo, poti atsukidwe ndi madzi a klorini, ndipo madzi otsukirawo apitenso m'dzenje momwemo.

Chimbudzi chenichenicho muchiyang'ane ndi maso a mwana. Ana ambiri amene amabiba kuseri si amwano, amaopa. M'kati muli mdima, bowo ndi lalikulu, pansi pakuterera. Bowo la chimbudzi cha ana likhale laling'ono moti mwendo wa mwana sungalowe, likhale ndi chivindikiro cha chogwirira, ndipo mlezi aziperekeza ang'onoang'ono. Dzinja likafika muziyendera m'mbali mwa dzenje. Zimbudzi zambiri zimatitimira nthaka ikakhuta madzi, ndipo ming'alu imayamba kuoneka chisanagwe. Anthu akuchigawo chakummwera anaziona zimenezi ndi namondwe wa Freddy mu March 2023.

Madzi akumwa muwathire WaterGuard monga mwalembedwera pa botolo, kapena klorini amene alangizi azaumoyo amagawa, mudikire mphindi 30 ana asanamwe. Ngakhale a pamjigo muwathire, chifukwa madzi ambiri amachoka pamjigo ali abwino n'kudetsedwa m'njira kapena m'ndowa. Ndowa ikhale yovindikira, kapu yotungira ikhale ina, yomwera ina. Ngati n'kotheka mwana aliyense akhale ndi kapu yake yolembedwa chizindikiro, nsomba, duwa, mpira, pakuti dzina lawo sanayambe kuwerenga. Kapu imodzi yozungulira pakamwa 43 ndi imene imasandutsa chimfine cha mwana mmodzi kukhala cha sukulu yonse.

Wina anganene kuti ndikukokomeza. Tikumbuke kuti kolera imene inayambira ku Machinga mu March 2022 inadwalitsa anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha matendawa. Njira imene kolera imadutsa ndi yomweyi ya manja, madzi ndi chakudya.

Tsopano funso lanu lowawa lija, la mwana wodwala amene wafika pakhomo mayi ake ali ndi dengu pamutu. Ndikukumvetsani, ndipo mayi wa dengu ujanso ndikumumvetsa. Akapanda kugulitsa tomato lero, kunyumba kugonedwa ndi njala. Komabe mwana amene akutsegula m'mimba kapena kusanza asalowe m'kalasi, ndipo abwerere patatha masiku awiri athunthu chisiyireni. Chimodzimodzi wotentha thupi, wa zidzolo zimene simukuzidziwa, ndi wa maso ofiira otuluka manthongo. Ameneyu malo ake ndi kuchipatala. Mwana wotentha thupi kuno kwathu ayezedwe malungo tsiku lomwelo, osati kupatsidwa Panado n'kumugoneka pamphasa kudikira 12 koloko.

Chimene chimabweretsa mkangano n'chakuti lamulo limatuluka pakhomo, m'mawa, kholo likufulumira, ndipo limamveka ngati mwatola mwana wake yekha. Lamulo limeneli lisakhale lanu. Itanitsani msonkhano wa makolo teremu isanayambe, muitane mlangizi wazaumoyo wa m'dera lanu, amfumu ndi abusa. Mlangiziyo ndiye afotokoze momwe matendawa amayendera, makolo avomereze okha, komiti ilembe, pepalalo limatidwe pachitseko. Pamsonkhanopo mufunse funso limodzi: ndani akufuna mwana wake akhale pamphasa imodzi ndi mwana amene wasanza usiku wonse? Palibe amene adzakweze dzanja. Tsiku lobweza mwana mudzangoti, "Mayi a Chikondi, paja tinagwirizana tonse." Pomwepo mupemphe kholo lililonse lipereke manambala awiri, yake ndi ya munthu wina, agogo, azakhali kapena mnansi, amene angamusunge mwana tsiku lodwala. Ena adzasamutsabe ana awo. Ndi ochepa, ndipo ambiri amabwerera akaona kuti kwanu ana sadwaladwala.

Mwana akayamba kudwala ali kale m'manja mwanu, mupatuleni pamphasa yakeyake pamalo a mthunzi pamene mlezi akumuona, muimbire kholo, muyambe kumumwetsa Thanzi ORS pang'onopang'ono. Mapaketi angapo azikhala m'kabati nthawi zonse. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Maso akalowa m'kati, akafooka kwambiri, akamakana kumwa, akamasanza chilichonse, m'chimbudzi mukaoneka magazi kapena chikakhala chamadzi oyererako ngati otsukira mpunga, musadikire kholo. Nyamulani, kwerani kabaza, kholo likupezeni kuchipatala. Chimodzimodzi mwana akagwidwa linjirinjiri: mugonekeni cham'mbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, thamangani naye. Ndalama ya kabaza ikhale mu envelopu yakeyake imene sibwerekedwa.

Polemba mwana watsopano muziona buku lake la kusikelo. Katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndipo wachiwiriyu ndi amene makolo ambiri amaphonya, chifukwa mwana akayamba kuyenda ulendo wa kusikelo umazilala. Wophonya musamukane malo, mutumizeni kwa mlangizi akamalize.

Mwafunsanso za alezi, ndipo ndakondwa kuti simunawaiwale. Alezi ambiri m'Malawi muno amagwira ntchito mongodzipereka kapena kulandira kangachepe, ndiye akadwala amabwerabe poopa kudulidwa kapena kuoneka aulesi. Mlezi wotsegula m'mimba amene wabwera chifukwa chokonda ntchito angadwalitse ana ambiri kuposa mwana wodwala, makamaka ngati ndi wophika. Lamulo la masiku awiri lija limukhudze iyenso, ndipo asadulidwe ngakhale tambala. Kuti zimenezi zitheke, komiti ipeze amayi awiri odziwika bwino amene angagwirizire tsiku lotero. Gulani magolovesi a labala okhuthala ochapira matewera ndi kukolopera masanzi. Mlezi amene wakhala akutsokomola sabata ziwiri akayezetse TB, m'zipatala za boma kuyezako n'kwaulere. Woyembekezera asasamalire mwana wa zidzolo, ndipo katsabola kapena chikuku zikalowa pasukulu apite kusikelo akanene. Aphunzitseni kunyamula mwana atapinda mawondo, chifukwa msana ndi umene umapumitsa alezi ambiri. Ndipo aliyense apeze mphindi zingapo zokhala pansi ndi kumwa phala. Mlezi wanjala, wotopa, ndi amene amakweza dzanja pa mwana. Kumenya kukhale koletsedwa poyera, ndipo mukaona mabala okayikitsa pa mwana kapena zizindikiro za nkhanza, nambala ya 116 ndi yaulere, komanso ofesi ya Social Welfare ya paboma ilipo chifukwa cha zimenezi.

Pali chinthu chimodzi chimene simunafunse koma sindingachisiye: moto. Phala lowira likatayikira mwana limamata pakhungu n'kupitiriza kuwotcha. Mafuwa kapena mbaula zikhale m'khitchini yotchingidwa ngakhale ndi bango, mwana asafikeko. Mphika usabwere pakati pa ana. Phala ligawidwire kukhitchini, lizizire, makapu ndiwo abwere ana atakhala pansi. Ngozi ikachitika, thirani madzi ozizira oyera pabalapo mphindi 20, musaboole matuza, musapake Colgate, dzira, mafuta kapena dothi, phimbani ndi nsalu yoyera n'kupita kuchipatala. Ngati mukufunadi mpanda, mpanda woyamba ndi umenewu.

Zina ndingodutsamo. Parafini, klorini ndi mankhwala a makoswe asaikidwe m'botolo la Sobo kapena la Fanta, ndipo zikhale zokiyidwa. Mwana akamwa parafini musamusanzitse. Ndowa ya madzi yosavindikira ndi dzenje la zinyalala lodzaza madzi amvula zingamize mwana wa chaka chimodzi mwakachetechete. Mtedza wathunthu, chimanga chokazinga ndi maswiti olimba zimatsamwitsa ana osakwana zaka 4. Chimanga ndi mtedza zimene makolo asonkha muzizisankha musanapite nazo kuchigayo, zachuku zonse zitayidwe, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi kuphika. Muziwerenga ana pofika, popita kokasewera, pobwera ndi poweruka, ndipo mwana asaperekedwe kwa munthu amene kholo silinamutchule, ngakhale atanena kuti ndi malume ake.

Kandalama ka komiti kaja ine ndikanakagawa chonchi: ndowa ziwiri za mpopi, ndowa yovindikira ya madzi akumwa, sopo ndi WaterGuard wokwana teremu yonse, makapu 43, mapoti atatu, magolovesi, Thanzi, thumba la simenti lokonzera pansi pa chimbudzi, ndi envelopu ya kabaza. Zidole makolo angapange Loweruka limodzi: mipira ya mapepala, magalimoto a mawaya opinda bwino nsonga, ana a nsanza ochapika. Mpanda wozungulira sukulu udikire kukolola, pokhapokha ngati holoyo ili m'mphepete mwa msewu wa M1. Ngati ili pamenepo, mundilemberenso msanga, chifukwa ndiye kuti udzu ndi nsungwi ziyenera kudulidwa sabata ino.